Miseu ya ku Malambo imayesa galimoto kuyambira kumbuyo

Cigwa ca mtsinje wa Luangwa, cimene eni ace amacichula kuti Malambo, ciri ndi miseu ya mitundu iwiri. Pali mseu wa phula wocokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, umene ngakhale kagalimoto ka m'tauni kamatha kuyendamo. Ndipo pali miseu ina yonse, ya fumbi, ya mcenga, ya miyala ndi ya makande, imene imatseguka mvula ikatha ca m'ma Meyi kapena Juni, ndi kutsekekanso mvula ikayamba kugwa mwamphamvu mu Novembala kapena Disembala.

M'miseu yaciwiriyi ndimo mumayenda anamwino okapereka katemera kwa ana, alangizi a zaulimi, ogula thonje, ansembe, alonda a nyama za m'thengo ndiponso alendo odzaona zinyama. Onsewa amadalira magalimoto okoka ndi mawilo onse anai, monga Land Cruiser, Land Rover, Hilux ndi Patrol. Munthu pogula galimoto yotere amamvetsera kulira kwa injini, amagogoda matayala, ndipo amakonda kukongoletsa kutsogolo ndi citsulo cacikulu cochinga ng'ombe ndi nyama. Kumbuyo amakuiwala. Koma amene anazolowera Malambo adziwa kuti maulendo ambiri amathera kumbuyo kwa galimoto: bampa yakodwa pa gombe la khwawa, tayala la sipeya lakwiririka m'matope, kapena citseko cang'ambika cifukwa ca kulemera kwa tayala.

Njira yocokera ku Petauke, kudzera ku Mfuwe ndi ku Luambe, kuoloka Luangwa pa Chifunda ndi kukwera mapiri a Muchinga mpaka ku Mpika, iri ngati sukulu. Cigawo ciri conse ca njirayi cimafunsa funso lace kwa bampa ya kumbuyo ndi kwa citsulo conyamulira tayala, ndipo munthu wofuna kugula zinthu ziwirizi angacite bwino kumva mafunsowo asanamasule cikwama.

MAKWAWA A MSEU WAKALE WA PETAUKE

Boma la Petauke liri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka, m'dziko la Ansenga a Mfumu Kalindawalo. Kucokera pamenepo mseu wakale umalowera kumpoto, kutsika pang'onopang'ono kulowa m'cigwa, kupyola m'dziko la Mfumu Sandwe ndi la Mfumu Malama, kenaka kutsata mbali ya kum'mawa ya Luangwa mpaka ku Mfuwe. Utali wace sukwana makilomita 200, koma umadya gawo lalikulu la tsiku.

Cimene cimacedwetsa ndi makwawa. Timitsinje tambiri tocokera ku mapiri timadula mseu popita ku Luangwa. M'dzinja timasefukira ndi kukumba magombe, ndipo m'cilimwe timauma ndi kusiya maenje a mcenga okhala ndi potsikira ndi pokwerera potsetsereka kwambiri. Galimoto ikalowa m'khwawa lotere, mawilo a kutsogolo amayamba kukwera gombe la tsidya lija pamene a kumbuyo ali pansi penipeni. Mphuno ikakwera, mcira umatsika. Ciri conse colendewera kumbuyo kwa mawilo cimagunda nthaka, ndipo ngati cakodwa, mawilo a kumbuyo amatukuka nangozungulira pacabe.

Pali njira yapafupi yodziwira zimenezi galimoto ikali pakhomo. Mwini wace atenge thabwa lalitali, aike nsonga imodzi pamene tayala la kumbuyo likhudza nthaka, ndi kutukula nsonga inayo kufikira thabwalo litagunda cinthu. Cimene thabwa layamba kugunda ndico cidzayamba kukhula pansi m'khwawa. Kawirikawiri cimakhala citsulo cokokera ngolo, ngondya ya bampa, paipi ya utsi kapena tayala la sipeya. Thabwa likakwera kwambiri lisanagunde kanthu, ndiye kuti galimotoyo idzaoloka makwawa mosabvuta.

Mabampa a magalimoto ambiri a masiku ano amacoka ku fakitale ali a pulasitiki, ndipo khwawa limodzi lokha likwanira kuwazomola. Bampa yoyenera mseu wa Petauke ndi yaifupi, yokumbatira thupi la galimoto, yosatsika kuposa chasisi, ya ngondya zodulidwa cokweza, ndiponso yosalala kunsi kwace kuti ikagunda nthaka iziterereka. Ndi bwinonso ikhale ndi mapiko okhotera m'mbali ochinga malata a kumbuyo kwa mawilo, pakuti pamenepo ndipo pamaphwanyika galimoto ikatsetsereka pa gombe. Citsulo cokokera ngolo cikhale cozula ndi kubwezera ndi pini, kuti cizisungidwa m'kati pamene palibe cokoka. Bampa ya cipaipi cacikulu colendewera pansi, cokhala ndi popondera potambalala, imaoneka yamphamvu m'tauni, koma m'khwawa imasanduka pulawo.

MAKANDE NDI ZITSA ZA MUPANI

Mseu ukayandikira Luangwa nthaka imasintha. Kuno kuli makande, dothi lakuda limene m'dzinja limamata ngati ulimbo ndipo m'cilimwe limauma gwa ndi kung'ambika. Njobvu ndi mvuu zimapondamo likali lofewa, ndipo mapazi ao amauma momwemo, kotero kuti galimoto imayenda monjanja pa maenje osawerengeka. M'mbali mwa mseu muli nkhalango za mupani, mtengo umene ena amaucha tsanya. Njobvu zimathyola mitengoyi ndi kusiya zitsa zazifupi zobisika m'udzu. Mupani ndi mtengo wolimba kwambiri, ndipo citsa cace cikalasa tayala m'nthiti, cigamba sicidalirika. Ndico cifukwa cace oyenda m'cigwa amanyamula matayala a sipeya awiri.

Funso tsono ndi lakuti tayalalo likhale pati. Opanga magalimoto analiyankha mosiyanasiyana. Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, kawirikawiri inali kunyamula tayala pamwamba pa boneti, pamene linali kufikika msanga koma linali kuchinga maso a dalaivala pokwera citunda. Hilux, ndiponso Land Cruiser zambiri za mtundu wa 80 umene unatuluka mu 1990 ndi wa 100 umene unatuluka mu 1998, zimalisunga kunsi kwa thupi, lomangidwa ndi cheni cimene amacitsitsa popukusa. Defender, Patrol ndi Land Cruiser ya mtundu wa 78 zimalikoloweka pa citseko ca kumbuyo.

Malo a kunsi ali ndi ubwino wace, pakuti kulemera kumakhala pansi ndipo galimoto siyendera mbali. Koma m'makande muli msampha. Tayala la kumbuyo likaphwa, galimoto imatsika, ndipo ngati mawilo ali m'ngalande zokumbidwa ndi malole a thonje, mimba ya galimoto imakhala itagona pa nthaka. Tayala la sipeya limakhala lotsekeredwa pansi pa nthawi yeniyeni imene lifunika. Kuwonjezera apo, copukusira cheni cimadzaza matope ndi kucita dzimbiri, miyala imapala tayalalo ulendo wonse, ndipo munthu amene anagula matayala okulirapo amapeza kuti salowa m'malo amene fakitale inakonza.

Pa citseko tayala limafikika nthawi iri yonse. Bvuto ndi lakuti mahinji ndi malata a citseko anayesedwa ndi tayala la fakitale. Akaikapo lolemera kuposa pamenepo, kenaka ndi kuligwedeza masiku ambiri pa mapazi a njobvu, citseko cimayamba kugwa, kulowetsa fumbi, ndipo potsiriza cimang'ambika pa mabauti. Apa ndipo panacokera nzeru ya mkono wacitsulo womangidwa pa bampa, umene umasenza tayala ndi kutseguka ngati cipata ca khola. Kulemera konse kumapita ku chasisi, citseko cimapumula, ndipo malo a kunsi amatsala a tayala laciwiri kapena a thanki yoonjezera ya mafuta.

MASAMU A PA MFUWE

Ku Mfuwe munthu wa paulendo amakumananso ndi phula, masitolo, bwalo la ndege ndi pomwetsera mafuta. Pano pali mlatho wolowera m'nkhalango ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lace lonse, imene inapatulidwa kukhala malo osungira nyama mu 1938 ndipo inakwezedwa kukhala paki mu 1972. M'dera lomweli, mu 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kutsegula msasa wa alendo odzaona nyama, ndipo nchito imene ikudyetsa mabanja ambiri a ku Mfuwe lero inamera pamenepo.

Wopitirira kumpoto ayenera kudzaza mafuta ndi madzi pano, cifukwa pomwetsera pena podalirika pali ku Mpika, tsidya lija la mapiri. Ndipo pano ndi pamene anthu ambiri amacimwira galimoto zao. Poona kuti bampa yatsopano iri ndi mikono iwiri, amakoloweka zonse kumbuyo.

Masamu ace ndi awa. Tayala la 7.50R16 pamodzi ndi limu lace lacitsulo limalemera makilogalamu pakati pa 35 ndi 40. Cigubu cacitsulo ca malita 20 cikadzaza dizilo kapena madzi cimapitirira makilogalamu 20. Jeke wamtali uja amalemera makilogalamu oposa 10. Bampa yacitsulo ya mikono iwiri ingathe kufika makilogalamu 80 isananyamule kanthu. Bampa, tayala, zigubu ziwiri ndi jeke zikaphatikizidwa zimayandikira makilogalamu 180, kulemera kwa matumba atatu ndi theka a cimanga.

Koma nkhani sithera pomwepo. Mlimi ali yense adziwa kuti ngolo ikapakiridwa kumbuyo kokhakokha imatukula goli pa makosi a ng'ombe. Galimoto imacitanso cimodzimodzi. Pa Land Cruiser ya mtundu wa 80, mtunda wa pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo ndi mamita 2.85. Katundu akapacikidwa mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, makilogalamu 100 ali onse amatsindika mawilo a kumbuyo ndi mphamvu ya makilogalamu 142, ndi kupepuza a kutsogolo ndi makilogalamu 42. Motero makilogalamu 180 aja amasanduka oposa 250 pa ekiselo ya kumbuyo, pamene kutsogolo kwapepuka ndi makilogalamu oposa 70.

Zotsatira zace zimaoneka pa mseu. Masipiling'i a kumbuyo amagona, mcira umatsika, ndipo mpata wonse umene bampa yaifupi inapindula m'makwawa umatayika. Ciongolero cimapepuka, nyali zimaloza m'mitengo, ndipo matayala a kumbuyo amatentha, makamaka mu Okutobala pamene kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40. Kawirikawiri galimoto imakhala ndi kacitsulo kolembedwa kulemera kumene siyenera kupitirira, ndipo kambiri kamalembanso malire a ekiselo iri yonse. Bampa imadya gawo la malire amenewo tsiku liri lonse, ngakhale galimoto ikungopita ku msika. Cifukwa cace wogula ayambe wafunsa kulemera kwa bampa asanafunse mtengo. Ngati mkono umodzi ukwanira, waciwiri ndi katundu wacabe. Zigubu za madzi ndi dizilo zimakhala bwino zikamangidwa pansi pakati pa mawilo, m'bodi ya galimoto. Petulo sayenera kupacikidwa kumbuyo, pamene galimoto ina ingamgunde.

Pali mabampa a aluminiyamu, citsulo cimene cimalemera gawo limodzi mwa magawo atatu a citsulo wamba ca ukulu womwewo. Amapepuka ndithu, ngakhale kuti amafunika kupangidwa ocindikala. Koma akang'ambika amafuna makina apadera owocherera, amene sapezeka m'midzi. Citsulo wamba cimawochereredwa pa boma liri lonse pamene pali magetsi kapena jenereta, ndipo kwa munthu woyenda m'Malambo umenewu ndi ubwino waukulu.

MCENGA WA KU NSEFU NDI LUAMBE

Kucokera ku Mfuwe njira imapita kumpoto kudzera m'dera la Nsefu, kumene nyamalikiti zimadya m'mitengo ya m'mbali mwa mseu ndipo mvuu zimaunjikana m'maiwe otsala. Imaoloka mitsinje yotambalala ya mcenga monga Lukuzye, imapyola m'paki yaing'ono ya Luambe, ndi kufika ku midzi ya Mfumu Chitungulu ndi ku mtsinje wa Lumimba. Masana mcenga ukatentha umafewa, ndipo galimoto yolemera kumbuyo ndiyo imayamba kutitimira. Madalaivala ozolowera amaphwetsako mpweya m'matayala asanalowe, kuti tayala litambalale ndi kuyandama. Ngakhale atero, tsiku lotitimira limafika, ndipo kawirikawiri njira yotulukira ndi yobwerera m'mbuyo.

Pamenepo bampa imafunsidwa funso lina: kodi cingwe cimangidwe pati? Bampa yabwino iri ndi makutu awiri a citsulo cocindikala, oloza molunjika ndi mitanda iwiri ya chasisi, ndipo citsulo cace cimapitirira m'kati kukagwidwa ndi mabauti a chasisi comweco. Khutu longowochereredwa pankhope pa bampa lingazuke. Timphete tating'ono timene timapezeka kunsi kwa magalimoto ambiri tinaikidwa kuti tizimangira galimoto pa sitima ya pamadzi kapena pa lole, ndipo sitingapirire mphamvu yozula galimoto m'mcenga.

Coopsa koposa zonse ndi kukoloweka cingwe pa kampira kacitsulo kokokera ngolo. Kampirako kanapangidwa kuti kazikoka ngolo yoyenda pa mawilo. Cingwe cotamuka cikakokedwa mwadzidzidzi, khosi la kampirako lingathyoke, ndipo kamauluka ngati mwala wa pa legeni kulunjika kwa galimoto yokokayo. M'maiko angapo anthu afa ndi ngozi yotere. Pokoka, anthu onse ayenera kuima kutali, makamaka ana a m'midzi amene amathamangira kudzaonerera.

Jeke wamtali nayenso afuna malo ace. Pa mcenga jeke wamba salowa kunsi kwa galimoto yotitimira, ndipo wamtaliyo amatukulira pa bampa. Bampa ikhale ndi mabowo kapena timatumba tacitsulo tolowetsamo mlomo wa jeke kuti usaterereke. Jekeyu akapulumuka, mpini wace umathyola nsagwada, ndipo cipatala ciri kutali.

MKONO NDI COTSEKERA CACE

Pa zigawo zonse za conyamulira tayala, ziwiri ndizo zimayamba kufooka: pozungulira mkono ndi potsekera. Tayala la makilogalamu 40 lokhala pa nsonga ya mkono limagwedezeka kambirimbiri pa kilomita iri yonse ya makande ouma. Pozungulira pabwino pamapangidwa ngati habu ya wilo la ngolo yokokedwa ndi galimoto, ndi mabering'i awiri, nati yomangira, cibvundikiro coletsa fumbi ndiponso poikira girisi. Ubwino wace ndi wakuti pakayamba kugwedera amangomanga nati, ndipo mabering'i otere amapezeka m'masitolo a zitsulo. Mkono wozungulira pa bauti lopisidwa m'paipi umakhala bwino miyezi yoyamba, kenaka fumbi limadya citsulo ndipo tayala limayamba kugogoda citseko.

Mkono ukatsekedwa, nsonga yace ikhale pa kampando kacitsulo kokhala ndi mphira, kuti kulemera kugawike pawiri. Cotsekera cikhale cokoka mkono mwamphamvu mpaka kuleka kugwedera, ndipo cikhale ndi pini yaciwiri yocinjiriza. Mkono wotseguka galimoto iri pa liwiro ungakanthe munthu wa pa njinga. Pafunikanso pini yogwira mkono ukatsegulidwa, cifukwa pa malo otsetsereka umabwerera wokha ndi kupanikiza munthu amene akutsitsa katundu. Popeza m'Zambia magalimoto amayenda kumanzere, mkono wozungulira ku dzanja lamanja ndiwo umasiya mbali ya kunja kwa mseu yotseguka kwa otsitsa katundu.

Cina cimene amisiri ena amaiwala ndi cakuti thupi la galimoto limakhala pa mphira pamwamba pa chasisi, ndipo ziwirizi zimagwedezeka mosiyana. Conyamulira tayala cikamangidwa zolimba ku chasisi ndi ku thupi komwe, cimodzi cidzang'ambika. Pakati pa bampa ndi thupi pasiyidwe mpata wolowa cala.

Si galimoto iri yonse imene ifuna mkono. Maambulansi ambiri a m'madera akutali ndi Land Cruiser za zitseko ziwiri kumbuyo, ndipo amanyamula amai obvutika pobereka kucokera ku tizipatala ta m'cigwa kupita nao ku Kamoto kapena ku Lundazi. Pa galimoto yotere mkono uli wonse ndi cipata coonjezera cimene ciyenera kutsegulidwa macila asanalowe, ndipo munthu wa m'kati sangatuluke kumbuyo ngati wina sanamtsegulire kunja. Kumeneko nzeru ndi kusiya tayala pa malo a fakitale, kulimbitsa mahinji, ndi kusakuza matayala. Ndiponso wogula ali yense ayese yekha kutsitsa ndi kukwezanso tayala pa mkono asanalipire. Tayala lopacikidwa pamwamba pa cifuwa limafuna anthu awiri, ndipo dalaivala kawirikawiri amakhala yekha.

PANTUNI YA CHIFUNDA NDI MAPIRI A MUCHINGA

Pa Chifunda, m'boma la Chama, Luangwa amaolokedwa pa pantuni yaing'ono yokokedwa ndi manja, yonyamula galimoto imodzi pa nthawi, imene imagwira nchito m'cilimwe mokha. Magombe a mtsinjewu amasintha caka ndi caka, ndipo potsikira pamakonzedwanso madzi akaphwa. Pokwera ndi potsika pa pantuni mcira wa galimoto umayesedwanso monga m'makwawa a ku Petauke, koma tsopano pansi pali madzi a ng'ona.

Tsidya lija kuli paki ya North Luangwa, ya makilomita 4,636 m'bwalo lace lonse, kumene zipembere zakuda zinabwezeredwa kuyambira mu 2003 zitatha m'dziko muno cifukwa ca opha nyama mosaloledwa. Mseu umadutsa m'nkhalango ya mupani, kumene akashembe amalondola galimoto, kenaka umayamba kukwera mapiri a Muchinga kulinga ku cipata ca Mano. Kukwera kwace ndi kwa miyala, kokhotakhota, ndipo pena galimoto imapendekera mbali imodzi.

Pano ndi pamene munthu amene anaika tayala laciwiri ndi zigubu pa denga amamva mtima kugunda. Katundu wa pamwamba amakokera galimoto ku mbali imene yapendekera. Pa cifukwa cimeneci tayala la pa mkono wa kumbuyo liposa la pa denga, ndipo la kunsi liposa onse awiri. Koma galimoto yolemera kwambiri kumbuyo nayonso imabvutika pa citunda, pakuti mawilo a kutsogolo amapepuka nayamba kupalasa miyala osagwira. Phiri limanena zomwe ananena masamu a pa Mfuwe: katundu akhale wocepa, wapansi, ndiponso woyandikira ekiselo. Mkono wabwino umagwira tayala pafupi ndi citseko, osalitulutsira kutali kumbuyo.

Kupitirira pa Mano mpweya umazizira, mitengo ya mupani imasiyira malo ya miombo, ndipo njira imakatulukira pa mseu waukulu wa kumpoto, kumtunda kwa Mpika. Asanalowe pa phula, dalaivala wanzeru amaima, kubwezera mpweya m'matayala, ndi kuyendera mabauti onse a bampa ndi sipanala.

KOGULA NDI ZIMENE LAMULO LIFUNA

Mabampa ocokera kunja ambiri amapangidwa ku Australia ndi ku South Africa, maiko a miseu yaitali ya fumbi. Kampani ya ARB inayambika ku Melbourne mu 1975, mwini wace Tony Brown atabwerako ku ulendo wa ku Cape York kumene anaona mmene miseu yoipa inali kuthyolera zitsulo za magalimoto. Kampani ya Kaymar, ya ku Australia komweko, idziwika ndi mabampa a kumbuyo okhala ndi mikono. Zopangidwa ndi makampani otere zimayesedwa pa mtundu umodziumodzi wa galimoto ndipo zimalowa m'mabowo amene ali kale pa chasisi, koma mtengo wace ndi wokwera.

Amisiri owocherera zitsulo a ku Kalingalinga ndi ku Garden mu Lusaka, kapena a ku Kapata mu Chipata, amatha kupanga bampa pa mtengo wocepa, ndipo ena mwa iwo ali ndi luso lenileni. Mwini galimoto ndiye ayenera kunena cimene afuna. Thupi la bampa likwanira ndi citsulo ca mamilimita 3 kapena 4, pamene zogwirira ku chasisi ndi makutu a cingwe zifuna cocindikala kuposa pamenepo. Bampa imangidwe ndi mabauti olimba olembedwa 8.8 pamutu, ndipo isawochereredwe ku chasisi, cifukwa moto umafooketsa citsulo ca chasisi ndipo bampa yotere sicotseka pokonza galimoto. Citsulo ca njanji kapena ca mlatho sicoyenera: bampa yolimba kuposa chasisi imapulumuka pa ngozi, chasisi ndi kupindika. Awone mmene awocherera asanapake penti, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Magalimoto ang'onoang'ono opanda chasisi capadera sayenera kusenzetsedwa bampa yolemera yotere.

Lamulo la pa mseu, limene bungwe la RTSA ndi apolisi amayang'anira, lifuna kuti nambala ya galimoto izioneka ndi kuwalitsidwa usiku, kuti nyali za mabuleki ndi zokhotera zisabisike, ndi kuti kumbuyo kukhale zonyezimira zofiira. Tayala likachinga cimodzi mwa izi, ciyenera kusamutsidwira pa bampa kapena pa mkono. Magalimoto atsopano okhala ndi kamera ndi tizida tocenjeza pobwerera m'mbuyo afunanso kuti zimenezi zisamutsidwe, popeza tayala limachinga galasi la kumbuyo ndipo mwana woima pamenepo saoneka. Potsiriza, nati imodzi yokhoma ndi kiyi imasunga tayala pamene galimoto yaima pa msika.

Munthu amene galimoto yace imangoyenda pakati pa Chipata ndi Mfuwe safunika zonsezi, ndipo ndalama zace angazigwiritse bwino pogula matayala abwino ndi pampu. Koma amene nchito yace imamfikitsa ku Malama, ku Chitungulu kapena ku Chifunda asankhe bampa yaifupi, yopepuka monga kungathekere, yogwira chasisi ndi mabauti, yokhala ndi pomangira cingwe ndi poikira jeke, ndiponso yonyamula tayala pamene dzanja limodzi lingalifikire galimoto itagona m'makande. Kumeneko makanika ali kutali, ndipo dzuwa likalowa njobvu zimayamba kutsikira ku mtsinje kudzera mu mseu womwewo.